Musanalipire ulendo wa njinga ku Nyanga, funsani za zitunda

Anzanga a kuno ku Harare amene mukufuna kukapalasa njinga masiku angapo m'mapiri a ku Nyanga ndi munthu wokutsogolerani, musamangofunsa kuti pa tsiku mudzayenda makilomita angati. Funsani kuti mudzakwera mamita angati. Pamalo athyathyathya makilomita 60 si kanthu, koma kuchokera m'chigwa cha Honde kukwera cha ku Juliasdale, mtunda ngati womwewo ungakudyereni tsiku lathunthu. Ku Nyanga n'kumene kuli phiri la Nyangani, la mamita 2,592, lalitali kuposa onse m'Zimbabwe muno.

Wotsogolerayo akutumizireni pa WhatsApp mamita okwera a tsiku lililonse musanapereke ndalama. Akamazengereza, ameneyo njirayo saidziwa bwino. Tsiku la zitunda zoopsa lisakhale loyamba, miyendo imakhala isanazolowere. Mumufunsenso ngati pali galimoto yobwera pambuyo yonyamula zikwama, madzi ndi amene afooka. Ngati palibe, kutchipa kwakeko kusakukopeni, katundu yense adzakhala pamsana panu.

Mabuleki amatha msanga potsetsereka, makamaka m'matope. Gulani apadera pamodzi ndi machubu kuno kutauni, chifukwa m'magolosale a kumapiri simudzapeza olingana ndi njinga yanu.

Pitani mvula itatha, kuyambira mu May mpaka September. M'dzinja misewu ya dothi imaterera ndipo nkhungu imaphimba njira. Koma mu June ndi July m'mawa kumazizira koopsa, choncho tengani jekete ndi magolovesi, zala zikauma ndi chisanu simungagwire buleki.