Kathumba ka mankhwala a mtima kasamatalikire wodwala

Bambo anga atatuluka m'chipatala atadwala mtima, tinapeza njira imene yatithandiza kangapo konse. Mapiritsi oika pansi pa lilime aja, a nitroglycerin, buku la kuchipatala ndi nambala ya wakabaza wa njinga yamoto tinaziika m'kathumba kamodzi. Kumsika, kumzikiti, kunyanja, kathumbako kali nawo. Musamakasiye padzuwa, kutentha kwa kuno ku Mangochi kumafooketsa mankhwalawa.

Pachifuwa pakayamba kuwawa, akhale pansi kaye, chifukwa mankhwalawa amatsitsa BP ndipo ataimirira angachite chizungulire n'kugwa. Aike piritsi limodzi pansi pa lilime, asameze. Pakatha mphindi 5 ululu usanaleke, kapena akutuluka thukuta ndi kubanika, thamangirani nawo kuchipatala. Chonde asapalase okha njinga, mtima umakhala ukusowa kale magazi.

Chovuta kwambiri chinali mchere, poti bambo amaukonda zedi. Tsiku lonse sitipitirira kasupuni kamodzi ka tiyi, magalamu 5. Chambo timawotcha kapena kuphika, kukazinga tinasiya. Fodya anasiyiratu. Amayenda pang'onopang'ono m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo asipirini amene anawalembera adokotala sadumphitsa ngakhale tsiku limene adzuka bwino.