Kusankha revolver ya magnum yowonjezera pa mfuti zimene muli nazo kale

Munthu amene akusunga kale mfuti zing'onozing'ono ziwiri kapena zitatu akayamba kuganiza zogula revolver ya magnum (mfuti ya m'manja yokhala ndi silinda yozungulira, imene imaomba zipolopolo zamphamvu kwambiri), kawirikawiri maso ake amathamangira ku yaikulu kuposa zonse. Ine ndimalangiza kuti ayambire ku zipolopolo, chifukwa kuno ku Lilongwe mfuti imene zipolopolo zake n'zosowa imangokhala m'sefa chaka ndi chaka, mwini wake n'kumangoipukuta fumbi. Musanaike mtima pa mfuti iliyonse, kafunseni wogulitsa wovomerezeka ndi boma kuti ndi zipolopolo ziti zimene amatha kuitanitsa mosavuta. Dziwaninso kuti chiphaso cha mfuti imene muli nayo sichikupatsani ufulu wogula ina. Mfuti yatsopano imafuna chilolezo chakechake kuchokera ku polisi, imene likulu lake lili ku Area 30, ndipo ndi bwino kuti mapepala atsogole, ndalama zitsatire.

Ngati mulibe .357 Magnum, musafunenso kwina. Kampani ya Smith & Wesson inaitulutsa mu 1935, ndipo ubwino wake waukulu ndi woti mfuti yomweyo imalandiranso zipolopolo za .38 Special, zimene sizikankha dzanja kwambiri ndipo n'zoyenera pophunzira kulasa chandamale. Chikhokhombe cha .357 anachitalikitsa dala ndi mamilimita pafupifupi 3 kuti chisalowe m'mfuti ya .38, imene singapirire mphamvu yake.

Amene ali nayo kale .357 asagule ina yongosiyana dzina, koma afune imene ingamuphunzitse chinthu chatsopano. Apa m'pamene .44 Magnum imalowera. Inatuluka pakati pa zaka za m'ma 1950 chifukwa cha khama la Elmer Keith, katswiri wa mfuti wa ku America, ndipo Model 29 ya Smith & Wesson ndiyo inaitchukitsa. Nayonso imalandira zipolopolo zofatsa za .44 Special, koma mukaikamo zamphamvu zenizeni imatukula mkono m'mwamba, moti munthu wosazolowera amayamba kutsinzina asanakhethemule n'komwe, ndipo chizolowezi chimenechi chikalowa n'chovuta kuchichotsa. Za .41 Magnum ya mu 1964 ndi .500 S&W Magnum ya mu 2003 sindichulukitsapo mawu: ndi mfuti zabwino, koma muzigule pokhapokha mutatsimikiza za kumene zipolopolo zake zizichokera.

Mukasankha mtundu wa chipolopolo, onani kapangidwe ka mfutiyo. Colt Python ya mu 1955 imakondedwa chifukwa cha kusalala kwa chokhethemulira chake, ndipo itasiya kupangidwa inabwereranso mu 2020, koma mtengo wake ndi wokwera. Ruger GP100 ya mu 1985 ndi yolemera ndiponso yolimba, yopirira kuombedwa kawirikawiri, pamene Model 686 ya Smith & Wesson ili pakatikati pa ziwirizi. Ngati mfuti zanu zonse zimaomba mukangokhethemula, Ruger Blackhawk ingabweretse kusiyana kwenikweni, popeza iyo imafuna kuti mukoke hamala (kachitsulo ka kumbuyo kamene kamamenya kuti chipolopolo chiphulike) ndi chala chachikulu nthawi iliyonse musanaombe.

Mfuti yogwiritsidwapo kale ntchito ndiyo imafuna kudekha kwambiri, ndipo pano m'pamene ndikupempha kuti musapupulume. Choyamba tsegulani silinda, mmene mumalowa zipolopolo, muone ndi maso anu kuti mabowo onse alibe chipolopolo, ngakhale wogulitsayo atalumbira kuti wachotsa. Kenako itsekeni, muilozetse kumene kulibe munthu, ndipo mukoke hamala pang'onopang'ono mukumvetsera: silinda iyenera kumveka kuti yakhazikika pamalo pake hamala isanafike kumapeto. Chitani zimenezi pa bowo lililonse, chifukwa bowo limodzi lokha likapanda kulunjikana ndi mpope wa mfutiyo, chipolopolo chimakhula m'mbali n'kumwaza tizidutswa ta mtovu. Ikwezeni moyang'ana kuwala kwa pawindo kuti muone mpata wa pakati pa silinda ndi mpope, umene uyenera kukhala wochepa zedi, pafupifupi mamilimita 0.15, wongokulirapo pang'ono kuposa kukhuthala kwa pepala. Unikaninso ndi tochi pakamwa pa mpope pamene chipolopolo chimalowera, makamaka pa Model 19 yakale ya Smith & Wesson, imene imadziwika kuti imang'aluka cham'munsi ikaombedwa kwambiri ndi zipolopolo zopepuka koma zothamanga. Nambala yodindidwa pa mfutiyo ifanane ndendende ndi ya pamapepala, ndipo ikaoneka yopalidwa kapena yofufutidwa, isiyeni pomwepo.

Nyengo yathu nayonso iwerengedwe. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyontho chimalowa ngakhale m'sefa yotseka bwino, ndipo chitsulo chakuda cha mfuti zina, ngakhale chili chokongola, chimagwira dzimbiri pamene pakhudza chala cha thukuta. Chitsulo chosachita dzimbiri msanga, monga cha Model 686, chimachepetsa nkhawayi, ngakhale nachonso chimafuna mafuta. Musanalipire, igwireni mfutiyo ndi manja onse awiri muone ngati chala chikufika pa chokhethemulira popanda kupotoza dzanja. Chigwiriro chikakhala chachikulu mungathe kuchisintha ndi chamtengo kapena cha labala, koma kulemera kwa mfuti ndi kutalika kwa mpope wake simungazisinthe, ndipo kwa anthu ambiri mpope wa mainchesi 4 mpaka 6 ndiwo umakhazikika bwino m'manja.