Mavu amanga pakhonde? Chotsani chisa koma nyerere za m'mango zisiyeni

Kuno ku Mangochi dzuwa la Okutobala likayamba kuswa mtengo mavu amamanga paliponse, pakhonde, kubafa, ngakhale m'mango momwe. Ambiri timangotenga Doom nkupopera zonse, mavu ndi nyerere zomwe, ndiye ine zimandiwawa chifukwa nyererezo zimatigwirira ntchito yaulere.

Nyerere ndi mavu ndi pachibale, nyerere zinachokera ku mtundu wa mavu zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, taonani kachiuno kowonda kaja onse ali nako. Koma samwerana madzi, nyerere zimadya ana a mavu. Mukayang'anitsitsa chisa muona kuti chalendewera pa kamwendo kamodzi kowonda, pamenepo mavu amapakapo timafuta tochokera m'thupi mwawo kuti nyerere zisadutse.

Chisacho chotsani chikadali chaching'ono, musadikire chikule ngati mbale. Pitani m'mamawa kusanache bwino kapena kukada, nthawi imeneyo amakhala onse ali phee pachisa. Valani malaya a mikono yaitali, buluku ndi nsapato, kumutu fundani chitenje, ana alowe m'nyumba mutseke chitseko. Tengani nsungwi yaitali muthyole pa kamwendo kaja chigwe, inu chokanipo msanga osaima nkumaonerera, kukacha mukwirire chisacho ndipo pamalopo mutsukepo ndi madzi a sopo chifukwa amakonda kubwerera pomwepo. Moto ayi chonde, makamaka denga likakhala laudzu, nyumba imatha ndi muni umodzi wokha.

Akakulumani tsukani ndi sopo muikepo chozizira. Mavu sali ngati njuchi, mmodzi yemweyo amaluma kangapo. Munthu akayamba kutupa nkhope kapena kubanika thamangirani naye kuchipatala pompo osayamba zazitsamba.

Tsono nyerere zofiira zija zimalumikiza masamba a mango nkupanga nyumba, zimenezo musazipopere. Zimaluma inde pothyola mango, koma zimagwira mbozi ndi kuthamangitsa ntchentche zoikira mazira m'zipatso, ndiye mphutsi m'mango zimachepa. Ngati mtengo wina ulibe nyererezi mangani chingwe kuchokera ku mtengo umene zilimo, ziwoloka zokha. Pokwera kukathyola pakani phulusa m'manja ndi m'miyendo, sizikukakamirani kwambiri.