Potsikira ku Sa Calobra lawirirani, ndipo musadalire mabuleki okha

Amene mukufuna kubwereka galimoto ku Mallorca, chilumba cha ku Spain, n'kutsikira ku Sa Calobra, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja, nyamukani m'mamawa kuti 9 koloko ikupezeni muli kale kunyanja. Dzuwa likangokwera mabasi a alendo amayamba kutsika motsogozana, ndipo msewu wopita kumeneko, wa Ma-2141, ndi wopapatiza moti mukakumana ndi basi pakona, wina amayenera kuima kapena kubwerera m'mbuyo, phompho lili pambali pomwepo.

Mukadutsa pa Coll dels Reis, mpata wa m'mapiri pomwe msewu umayambira kutsika, pokwera mamita 682 pamwamba pa nyanja, lowetsani giya 2 n'kuisiya momwemo kuti injini izigwira galimoto. Mukamaponda buleki njira yonse amatentha, mumayamba kumva fungo la chinthu chopserera, kenako phazi limangomira koma galimoto osaima. Ya otomatiki nayo ili ndi giya yotsika, igwiritseni ntchito.

Pa Nus de sa Corbata, pomwe msewu umazungulira n'kudutsa pansi pa mlatho wake womwe, chonde musaime panjira kuti mujambule, okwera njinga amatsika ndi liwiro loopsa.

Mafuta thiranitu. Kumunsiko kulibe pothirira, ndipo pobwerera mukwera msewu womwewo. Ife ozolowera kuyenda kumanzere tisamale kwambiri m'makona, ku Spain amayenda kumanja.