Kuthandiza ana kuona mmene nkhani yophunzitsa inayalidwira

Aphunzitsi anzanga, ana a Sitandade 5 asanayankhe mafunso, ine ndimawauza kuti adule mzere kunsi kwa mawu olumikiza ziganizo. Akapeza "poyamba", "kenako" ndi "pomaliza", ndiye kuti nkhaniyo ikutsata ndondomeko, monga ya kabzalidwe ka chimanga. Akapeza "koma" kapena "pomwe", ikuyerekeza zinthu ziwiri.

Yovuta kwambiri ndi nkhani yofotokoza chifukwa ndi zotsatira zake, ndipo apa musathamange. Tengani ndime yonena za namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023. Jambulani mabokosi awiri pa bolodi, muvi pakati. M'bokosi loyamba ana alembe mvula yamphamvu, m'lachiwiri matope ogumuka kuchokera m'phiri la Soche ku Blantyre. Ambiri amatembenuza muviwo, choncho afunseni mmodzimmodzi kuti chinayamba n'chiti.