Kalembedwe ka lipoti la pendulum: malikisi amatayikira papepala

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 ambiri amachita bwino ntchito ya mu labu, koma malikisi amawathawa polemba. Wochonga sanakuoneni mukuyeza. Iye amangoona pepala, choncho lipoti lanu lionetse zimene munayeza, momwe munayezera ndi chifukwa chake yankho latuluka momwe latulukiramo. Titengere chitsanzo pa ntchito yodziwika bwino, yopeza g (mlingo umene liwiro la chinthu chakugwa limakulira chifukwa cha mphamvu yokoka ya dziko, pafupifupi 9.8 m/s²) pogwiritsa ntchito pendulum, kachinthu kolemera kolendewera pa ulusi.

Mitu ya aim ndi apparatus musachedwe nayo. Cholinga chikhale chiganizo chimodzi. Pa zipangizo tchulani ulusi, bob (kachinthu kolemera ka kumapeto kwa ulusi), sitandi, rula ya mita imodzi ndi stopwatch, ndipo nenani kuti rulayo imawerenga mpaka 1 mm. Jambulani chithunzi ndi pensulo, muonetsepo pamene L, utali wa pendulum, ikuyambira ndi pamene ikuthera.

Pa L pomwepo ndi pamene ambiri amalakwa. Utali umayezedwa kuchokera pamene ulusi wapanidwa mpaka pakati penipeni pa bob, osati pamwamba pake. Ulusiwo upanidwe pakati pa timatabwa tiwiri kapena cork yong'amba pakati. Mukangoukulunga pachitsulo cha sitandi, utali umasintha bob ikamayenda. Zimenezi zilembedwe mu procedure, gawo lofotokoza njira imene munatsata, chifukwa wochonga amazifunafuna. Lembaninso kuti bob munaikoka pang'ono, osapitirira madigiri 10. Pa ulusi wa mita imodzi, kumeneku ndi kukokera pambali masentimita osaposa 17. Lamulo lakuti T = 2π√L/g (T ndi nthawi ya ulendo umodzi, ndipo L/g yonse ili pansi pa muzu) limagwira bwino ngodya ikakhala yaing'ono; mukakoka kwambiri, T imakula ndipo g imatuluka yochepa.

Musangolemba kuti munawerenga maulendo 20, fotokozaninso chifukwa. Chala cha munthu chimachedwa pafupifupi masekondi 0.2 podina stopwatch. Ulendo umodzi wa pendulum ya mita imodzi, kupita ndi kubwerera, umatenga pafupifupi masekondi 2.0, ndiye kuchedwako ndi 10 peresenti. Pa maulendo 20, omwe ndi masekondi 40, kuchedwa komweko kumangokhala theka la peresenti. Powerenga, yambani ndi "ziro" pamene mukudina wotchi. Woyamba ndi "wani" amawerenga maulendo 19 n'kulemba 20, ndipo g yake imafika pa 10.9. Wowerenga kupita kokha ngati ulendo wathunthu amapeza g ya pafupifupi 39. Mukaona nambala ngati zimenezi, vuto lili pa kawerengedwe, osati pa calculator.

Tebulo la zotsatira lijambulidwe musanayambe kuyeza, manambala azilowamo mwachindunji. Likhale ndi mizere ya L, nthawi yoyamba ya maulendo 20, nthawi yachiwiri, avereji, T ndi T². Mayunitsi alembedwe pamutu pa mzere kamodzi kokha, osati pambali pa nambala iliyonse. Yezani utali wosiyanasiyana kasanu kapena kupitirira, monga 0.20, 0.40, 0.60, 0.80 ndi 1.00 m. Mumzere umodzi manambala akhale ndi madesimo ofanana: ngati pamwamba pali 25.4, pansi lembani 31.0, osati 31. Kuti mudziwe ngati muli panjira, T² pa 0.40 m imakhala pafupi ndi 1.61, pa 0.80 m pafupi ndi 3.22.

Galafu ndiye imanyamula malikisi ambiri. T² ikhale pamzere woimirira, L pamzere wogona, iliyonse ndi yuniti yake. Sankhani sikelo yoti madontho adzaze kupitirira theka la pepala, ndipo pewani sikelo ya 3 kapena 7 pabokosi, yomwe imasokoneza poika madontho. Jambulani mzere umodzi wowongoka ndi rula, madontho otsala agawikane mbali zonse ziwiri. Osalumikiza dontho ndi dontho. Pofuna kupeza gradient (kupendekeka kwa mzerewo), jambulani triangle yaikulu ndipo tengani manambala pamzerewo, osati m'tebulo. Mwachitsanzo, ngati mzere wadutsa pa 0.30 m ndi 1.21 s² komanso pa 0.90 m ndi 3.63 s², gradient ndi 2.42 kugawa ndi 0.60, yomwe ndi 4.03. Tsono g ndi 4π², kapena kuti 39.48, kugawa ndi gradient ija, 4.03, ndipo yankho ndi 9.80 m/s². Onetsani sitepe iliyonse. Yankho lopanda njira silipindula kanthu.

Mzere ukaphonya pa ziro, musaukakamize. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti utali wonse unayezedwa mopereweza ndi mlingo wofanana, monga pamene mwalekezera pamwamba pa bob. Kukoma kwa galafu n'kwakuti gradient sisintha ndi vuto lotere, choncho g imatulukabe bwino. Wophunzira amene waona zimenezi n'kuzilemba waonetsa kuti akuimvetsa ntchitoyi.

Ndiye pali chiyeso chokonza manambala kuti g ituluke 9.8 ndendende. Chisiyeni. Aphunzitsi amene achonga malipoti kwa zaka amazindikira msanga madontho ogona pamzere ngati oikidwa dala. Mwapeza 9.5? Lembani 9.5, muwerengere kuti yasiyana ndi 9.8 ndi 3 peresenti, kenako fotokozani gwero lake. Mawu akuti human error okha alibe malikisi. Nenani kuti bob inkazungulira m'malo moyenda mumzere umodzi, kuti mphepo inkalowera pawindo, kapena kuti sitandi inkagwedera chifukwa sinatsindiridwe ndi chinthu cholemera, ndipo pa vuto lililonse lembani chimene mungasinthe mutabwereza. Dontho limodzi likatalikira mzere, lizungulizeni, mulitchule mu lipoti, ndipo ngati zipangizo zikadali pa benchi, yezaninso utali umenewo musanamasule ulusi.