Aneba akakusowetsani mtendere ku England, muyambire pati?

Izi ndikulembera makamaka anzanga a ntchito za care amene mwangofika kumene kuno, mumaweruka ku shifiti mutatopa zedi mukuti mugoneko pang'ono, kenako mkulu wa fulati yapamwamba wayatsa chinyimbo chake mpaka makapu mu kabati kumachita kulira okha. Ine ndinapirira pafupifupi chaka, kumangoti ndine mlendo m'dziko la eni ndisayambitse nkhani. Kunali kupusa kumene kuja.

Kwathu zoterezi umakazitula kwa amfumu, akuitanani nonse, mwakambirana, yatha. Kuno amfumu ake ndi mapepala. Zimenezi amazitcha anti-social behaviour, mwachidule ASB, ndipo lamulo lalikulu lake ndi Anti-social Behaviour, Crime and Policing Act la 2014, logwira ntchito ku England ndi Wales. A ku Glasgow ndi Edinburgh anu ndi malamulo ena. ASB ndi monga phokoso la usiku uliwonse, galu wouwa tsiku lonse, anyamata osuta chamba pa masitepe, kukutukwanani, kukuopsezani, kutaya zinyalala pakhomo panu. Koma mwana wa aneba kulira kapena mapazi a munthu akuyenda m'nyumba mwake, zimenezo akuuzani kuti ndi moyo basi, ndipo bola zili choncho chifukwa ifenso tikakazinga usipa kolido yonse imadziwa.

Poyamba yesani kulankhula naye, masana, mutazizira mtima, osati 2 koloko usiku mutavala chitenje mukunjenjemera ndi ukali. Ambiri sadziwa n'komwe kuti makoma ake ndi opyapyala chonchi. Kakalata kaulemu kolowetsa pansi pa chitseko kamathanso kugwira ntchito. Koma ngati munthuyo ndi woledzera kapena waukali musapiteko ayi.

Chachikulu chenicheni ndi kope. Gulani kope la paundi imodzi, muzilembamo tsiku, nthawi imene zayamba, imene zatha, chimene chachitika ndi mmene zakukhudzirani. Osangolemba kuti "phokoso". Lembani kuti Lachinayi, 11:40 usiku mpaka 3:15, nyimbo ndi kukuwa, mwana wadzuka kawiri, m'mawa ndapita ku ntchito osagona. Mbali ya mmene zakukhudzirani ija ndi imene amaiyang'ana kwambiri, ndiye musachite manyazi kulemba kuti BP yakwera kapena mukuopa kutuluka kukada. Jambulani mawu pa foni, makhansolo ambiri amagwiritsa ntchito The Noise App yoti mumatumiza phokosolo komweko. Ndipo mukaimba kulikonse funsani nambala ya dandaulo lanu, reference ija, nkuilemba mu kope momwemo limodzi ndi tsiku. Ine maulendo awiri oyamba ndinangoimba nkumathokoza mwaulemu osafunsa nambala, nditabwereranso anandiuza kuti sakuona chilichonse mu kompyuta, ndinayambiranso pachiyambi.

Nanga kokadandaula nkuti? Apa mpomwe ambiri timasochera. Ngati ndi phokoso, utsi kapena zinyalala, pitani ku khansolo, gawo la environmental health. Lamulo la Environmental Protection Act la 1990 limawakakamiza kufufuza, ndipo pa nkhani za phokoso usiku amauwerenga kuyambira 11 koloko mpaka 7 m'mawa. Amayamba nkumulembera kalata munthuyo, nthawi zina amabwera kudzamva okha kapena kukuikirani kamakina kojambula phokoso m'nyumba, akakhutira amamupatsa abatement notice, kalata yomulamula kuti asiye, akainyozera ndiye ndi mlandu wa ku khothi ndipo masipika aja atha kumulanda.

Ngati nyumba ndi ya khansolo kapena ya housing association, uzaninso housing officer, chifukwa munthuyo anasainira mgwirizano wa lendi woletsa zimenezi ndipo zikafika poipa atha kumutulutsa. Ngati ndi ya landilodi wamba, mudziwitseni landilodiyo koma khansolo musaisiye.

Apolisi ndi a zoopsezana, kuphwanya katundu, kugulitsa mankhwala ozunguza bongo. Imbani 101, ndi yaulere, ndipo 999 ndi ya pamene zikuchitika pompo moyo uli pachiswe. Akakutukwanani chifukwa cha khungu lanu nenani mosapsatira kuti ndi hate crime, musachite kuzungulira, chifukwa imalembedwa mosiyana. Ngati mukuopa kudziwika, a Crimestoppers, bungwe lolandira malipoti a milandu mwachinsinsi, pa 0800 555 111 safunsa dzina.

A khansolo ndi apolisi zida ali nazo zambiri ndithu. Pali mediation, pomwe munthu wapakati amakukhazikani pansi, yomwe ndi ya amfumu ija koma ya muofesi. Pali Community Protection Notice, kalata yolamula munthu kusiya khalidwe losowetsa anthu mtendere, yomwe imabwera atayamba amuchenjeza polemba. Nyumba imene yasanduka malo a chipwirikiti atha kuitseka kwa maola 48, khothi nkuwonjezera mpaka miyezi itatu. ASBO, chiletso cha khothi kwa ochita ASB, yomwe mumaimva anthu akale akuitchula ija inathetsedwa kuno ndi lamulo la 2014 lija.

Tsopano akamangokuyendetsani, uyu akuti pitani kwa uyo, pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa, ASB Case Review, kale ankati Community Trigger. Mukadandaula katatu za nkhani yomweyo m'miyezi isanu ndi umodzi, dandaulo lililonse mwalipereka mwezi usanathe chichitikireni, muli ndi ufulu wopempha kuti khansolo, apolisi, a zaumoyo ndi a nyumba akhale pamodzi aunikenso nkhani yanu. Fomu yake ili pa webusaiti ya khansolo kapena ya polisi ya dera lanu, ndipo wina atha kukupempherani mukamuloleza. Zinabwera pambuyo pa nkhani zomvetsa chisoni ngati ya Fiona Pilkington wa ku Leicestershire, amene mu 2007 anadzipha pamodzi ndi mwana wake wamkazi wolumala atazunzidwa zaka ndi achinyamata a m'dera, atadandaula ku polisi maulendo oposa 30, dandaulo lililonse likungoonedwa palokha ngati kankhani kakang'ono. Manambala a mu kope aja ntchito yake ndi pamenepa.

Mtima ukalema imbirani Victim Support, bungwe lothandiza anthu olakwiridwa, ndi yaulere ndipo sakufunsani kuti mukhale mutapita kaye ku polisi. Citizens Advice amathandiza kulemba makalata, bungwe la ASB Help nalo limafotokoza bwino za case review. Ofesi ikakugonekerani nkhani, mutatha njira yawo ya madandaulo pitani kwa ombudsman, wofufuza madandaulo okhudza maofesi: Housing Ombudsman ngati ndi za nyumba ya khansolo kapena ya housing association, kapena Local Government and Social Care Ombudsman ngati ndi zina za khansolo.

Mkulu wanga wa fulati yapamwamba uja kalata yoyamba anaing'amba nkuitaya pa masitepe, ndinaitola nkuijambula. Yachiwiri itabwera, patatha milungu ingapo kamakina kali pa shelefu pafupi ndi bedi langa, anagula mahedifoni. Sitipatsana moni mpaka lero, koma ndimagona.